Ndani Akukankha Muvi wa Wotchi

Lolemba, 3 Juni

Asembule ngati masiku onse. Ana m'mizere, ife aphunzitsi pakhonde. Kenako zenera la nyumba ya m'mwamba kutseguka, Abambo n'kuwakankhira pa mpando wawo wamatayala mpaka pomwe tonse tingawaone. Jekete labulawuni lomwe lija. Dzanja m'mwamba pang'ono, ana kuomba m'manja. Sukulu ino anaiyambitsa ndi iwo, ndipo makolo amabweretsa ana kuno chifukwa cha dzina lawo. Koma chibwerere ine pano liwu lawo sindinalimvepo. Akuti ndi sitiroko.

Wowerenga "Mawu a Abambo" Lolemba lililonse ndi mwana wawo wamkazi, amene amayendetsa zonse pano. Ana anawapatsa dzina loti Mayi Akuti, poti chilichonse chimayamba ndi "Abambo akuti." Lero Abambo akuti masokosi akhale oyera.

Mayi Akutiwo andiimitsa pakhonde kundikumbutsa kuti nthawi yanga yoyesedwa ikutha teremu ino. Asanaganize zondilemba ntchito yokhazikika adzabwera kudzaonerera phunziro langa. Tsiku sananene. Ine "zikomo kwambiri," ngati andipatsa mphatso.

Ntchitoyi ndikuifuna, ndisaname. Ndatopa kugona pabalaza kwa asisi, matiresi kuseri kwa sofa, zovala m'chikwama ngati mlendo wochoka mawa.

Mawa ndakatulo yatsopano ndi kalasi yomaliza. Yakalekale, Chingerezi chake cha mafupa okhaokha. Ya wotchi ya pa nsanja. Ndaiwerenga pa basi. Sindinaimvetse yonse, koma yandikoka.

Lachiwiri, 4 Juni

Nkhani yake ndi iyi. Tauni ina ili ndi wotchi yaikulu pa nsanja. Makina a m'kati anafa kalekale, dzimbiri lokhalokha. Koma pali munthu wosamalira wotchiyo. Tsiku ndi tsiku amakwera makwerero, n'kukakhala kuseri kwa manambala, kumakankha muvi ndi chala. Pansi palibe akudziwa. Wophika buledi amayatsa moto poyang'ana wotchiyo. Woweruza amatsegula bwalo poyang'ana wotchiyo. Wopalamula amanyongedwa pa ola limene chala chasankha. Mzere umenewo wandichititsa nthumanzi.

M'munsi mwa tsamba, timalemba ting'onoting'ono: inalembedwa pa nthawi imene mfumu ya kwawo inkadwala, osaonekanso pagulu, nduna zikulamula m'dzina lake. Kunena poyera kunali kudziitanira ndende. Ndiye mlakatuli anabisa mfumu m'wotchi.

Alakatuli akalewa ndi mafumu awo! Wina aisandutsa mtengo, wina dzuwa, wina woyendetsa sitima. Mfumu osaisiya ikhaleko munthu. Koma ya m'wotchi ndi yachilendo kwa ine.

Chikundivuta ndi ichi. Ngati owerenga wamba ankadziwa kuti wotchi ndi mfumu, ndiye kuti ndunazo zinkadziwanso, sizinali mbuli. Nanga osam'manga bwanji? Mwina kum'manga kukanakhala kuvomera kuti wotchi inafadi. Nduna iime pakhoti, inene kuti chala chimenechi ndi ine? Sizingatheke. Ndiye anangom'siya, akukukuta mano. Ngati zinali choncho, mlakatuliyu anali wochenjera zedi.

Ana amangoyasamula mpaka nditatchula ndende. Pamenepo makutu onse anaima.

Lachinayi, 6 Juni

Pa bolodi mizere iwiri. Kumanzere chinthu, kumanja chimene chikuimira. Wotchi, mfumu. Chala, nduna. Wophika buledi, anthu wamba. Zonse bwinobwino mpaka tinafika pa nkhunda zokhala mu nsanja muja. Mkangano. Anyamata akumbuyo akuti ndi aphungu, poti ntchito yake n'kulira ndi kudetsa basi.

Ndiye pali mtsikana wina amene anzake amam'tcha Loya. Amatsutsa chilichonse, ngakhale tsiku la pa kalendala. Iye akuti nkhunda ndi zokhazo zimene zimaona chala chija tsiku lililonse. Zikudziwa zonse. Koma zimadya nyenyeswa za buledi wa wosamalira wotchi, ndiye zili phee. Choncho ndi antchito a kunyumba yachifumu.

Ine zimenezo sindinaziganize n'komwe. Ndangoti "eya, ndi zomwe ndimafuna," ngati ndinali nazo m'thumba.

Kunyumba ndafotokozera alamu akukonza firiji ya munthu pakhonde. Iwo, osadzutsa ndi mutu womwe: "Mlamu, nthawi zina nkhunda imangokhala nkhunda." Ndawauza kuti adziwe za mafiriji. Koma funsolo landitsalira. Umadziwa bwanji pamene nkhunda ili nkhunda chabe? Ndikuganiza kuti mlakatuli akamabwererabwerera pa chinthu, pali chimene akufuna. Nkhunda zake zili m'ndime iliyonse kupatula yomaliza.

Nsapato yakumanzere yayamba kuseka. Guluu.

Lachisanu, 7 Juni

Ku koleji anatiphunzitsa zinthu ziwiri. Phunziro lizifika pa moyo wa mwana. Ndipo mwana akalemba pa bolodi, osathamangira kufufuta, zimamulimbikitsa. Lero ndachita zonse ziwiri, mwaukatswiri wake.

Ndafunsa ngati alipo angapereke chitsanzo cha wotchi yotere m'moyo weniweni. Ine m'mutu muli mafumu a m'mabuku a mbiri. Kenako mitu yonse kutembenukira kuzenera, kuyang'ana nyumba ya m'mwamba ija. Ndisanati kanthu, Loya wadzuka kale, dzanja latambasuka kufuna choko. Ndam'patsa. Ine ndemwe, ndi dzanja langali.

Mzere wachitatu. Pamwamba pake KUNO, zilembo zikuluzikulu. Wotchi, Abambo. Chala, Mayi Akuti. Wophika buledi, makolo athu. Nkhunda, aphunzitsi.

Kuseka kwake! Ena mpaka kumenya madesiki. Inenso ndaseka, Mulungu andikhululukire, nkhunda ija ndiyo yandimaliza. Belu. Ana panja, ine liwiro ku kalasi ina.

Zoti sindinafufute ndakumbukira ndili pa basi. Ndipo Lachisanu masana Mayi Akuti amazungulira okha makalasi onse kutseka mawindo.

Chakudya chakana.

Lamlungu, 9 Juni

Asisi akuti ndikapepese ndisanaitanidwe. Alamu akuti ndikanene kuti ana analemba ine nditatuluka. Wina akufuna ndikagwade, wina ndikaname. Ndawathokoza onse awiri.

Ndachapa, ndasita, ndabwereranso ku ndakatulo ija ngati munthu wokanda chilonda. Ndime yomaliza ndi yodabwitsa. M'kalasi tinangoidumpha. Mfumu mulibe, tauni mulibe, nkhunda mulibe. Muli wosamalira wotchi yekha. Mawondo ake otupa ndi makwerero. Chala chochita dzanzi ndi kuzizira kwa chitsulo. Sangadwale, sangapite kumaliro. Ndipo iyeyo alibe wotchi yakeyake, amangoyerekeza nthawi poyang'ana mthunzi pa khoma. Kukachita mitambo amangolota.

Nanga ngati mlakatuli ankadana ndi ndunayo, anaipatsiranji mawondo owawa? Munthu amene ukufuna kuti anthu am'de sumuonetsa akuvutika. Kapena anayamba kulemba atakwiya, n'kufika kumapeto mtima utasintha? Kapena ankam'dziwa? Timalemba ta m'munsi tija pamenepa tili duu. Pomwe ukutifuna ndi pomwe timathawa.

Lolemba, 10 Juni

Ndalowa m'kalasi muja m'mawa ana asanafike. Bolodi mbee. Kupukuta kwa nsalu yonyowa, mpaka m'makona. Ana sapukuta choncho.

Pa asembule palibe chatchulidwa. Abambo akuti tisamaponde kapinga.

Koma lero zenera lija ndaliyang'ana ndi maso ena. Pamene dzanja la Abambo limakwera, pansi pa chigongono chawo panali kanthu koyera, ngati mkono wa yunifolomu ya namwino. Dzanjalo limakwera lokha? Miyezi yonseyi ndakhala ndikuomba m'manja osafunsa. Ndayang'ana aphunzitsi anzanga. Onse maso kutsogolo, kumwetulira, m'manja.

M'chipinda cha aphunzitsi, a Masamu, amene akhala pano kuposa tonse, andisunthira kapu ya tiyi n'kunena motsitsa: "Imwani, nkhunda inzathu. Pano nyenyeswa timatola mwakachetechete." Ndiye kuti nkhani yafika paliponse. Akutinso amene ankaphunzitsa Chingerezi ine ndisanabwere anachoka pa nkhani yaing'ono kuposa iyi. Ndafunsa kuti yotani. Angoluma bisiketi.

Loya wandipatsa moni ngati palibe chachitika. Mwana ameneyu amagona tulo tabwino.

Lachitatu, 12 Juni

Ndaitanidwa.

Ofesi ndi ya Abambo. Tebulo lalikulu, mpando wachikopa wopanda munthu. Mayi Akuti amakhala pambali, pa kampando kamatabwa, mapepala pamiyendo. Nsapato anavula, zili pansi pa tebulo. Mapazi otupa. Sindimafuna kuyang'ana koma maso anapita okha.

Buku la ndakatulo linali potsegula, tsamba lomwe lija. Ndiye kuti anaiwerenga.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. "Ndakatulo iyi ndi ya wotchi. Lachiwiri ndibwera m'kalasi mwanu, ndipo ndikufuna ndikamve mukuwauza ana choncho." Ndinayamba kunena kuti mwanayo sanali ndi cholinga choipa. Anandidula: "Mwana ndi mwana. Choko anam'patsa ndani?"

Basi. Ndatuluka. Ndili pakhonde m'pamene ndazindikira kuti nthawi yonseyo sananene kuti "Abambo akuti" ngakhale kamodzi. Aka n'koyamba kumva mawu awoawo. Liwu lake ndi lina, lotsika, lotopa.

Loweruka, 15 Juni

Ndinapita kukaona chipinda cha lendi chimene mnzawo wa asisi anatchula. Chaching'ono. Zenera loyang'ana khoma la eni nyumba. Pansi simenti yong'aluka. Koma chitseko chake, kiyi wake. Ndinaima pakati n'kutambasula manja, osagunda sofa ya munthu. Ndachikonda mpaka manyazi. Mwini wake akuti amafuna wa ntchito yokhazikika, anaphunzirapo kale. Andisungira mpaka kutha kwa mwezi.

Masana, kukonza phunziro la Lachiwiri. Ndakatulo ya wotchi basi. N'zotheka ndithu. Ndikhoza kukamba za kamvekedwe, poti mizere yake imagunda ngati wotchi, ta ta, ta ta. Powerenga mokweza ndapeza china: m'ndime yomaliza kugundako kumasokonekera. Mzere wina utalika, wina kuduka, ngati munthu wopuma wefuwefu pa makwerero. Anachita dala! Ndinafuula ndekha, mpaka asisi kutuluka kukhitchini ndi mpeni m'manja kudzafunsa chalowa.

Koma pa mayeso a boma funso lidzakhala la kuphiphiritsa, n'zodziwikiratu. Ndikawauza kuti ndi wotchi chabe, mwana womvera adzalemba zomwezo n'kulakwa. Osamvera adzadziwa kuti madamu ananama chifukwa cha mantha. Sindikudziwa choipa kwambiri n'chiti.

Ndayeserera pagalasi. "Ana inu, ndakatulo iyi ndi ya wotchi." Zikutuluka bwinobwino. Chiganizo chachifupi, sichitenga ndi mpweya womwe.

Lachiwiri, 18 Juni

Anabwera. Anakhala kumbuyo pa desiki ya mwana, mawondo osakwana, kope pamwamba. Kalasi ngati m'tchalitchi.

Ndinayamba ndi kamvekedwe. Tinaomba m'manja motsatira mizere, ta ta, ta ta. Zimayenda. Ndinayamba kuganiza kuti belu lindipulumutsa. Kenako dzanja la Loya m'mwamba. Ndinayang'ana kumanzere, kumanja, kudenga. Dzanja lili pomwepo ngati mlongoti.

"Madamu, nanga mfumu ija yapita kuti?"

Chiganizo chija chinali pa lilime. Ndinatsegula pakamwa, osatuluka. Si kulimba mtima ayi, ndikanakonda kukanakhala kulimba mtima. Kungoti maso onse aja anali pa ine, ndipo pakamwa panakana. Ndinamva ndikunena kuti mfumu ilipobe, sinapite kulikonse, koma poyamba paja tinawerenga mothamanga. Tsegulani ndime yomaliza.

Tinawerenga. Mawondo, chala chadzanzi, mthunzi pa khoma. Ndinafunsa chifukwa chimene mlakatuli anathera pamenepo. Wina akuti akum'seka. Wina akuti akum'mvera chisoni. Kamtsikana kena kosayankhulayankhula kanati mwina wosamalirayo ankaikonda wotchiyo isanafe. Kumbuyo sindinayang'aneko.

Loya sanakhutire. "Bwanji osangotsika n'kuwauza anthu kuti wotchi inafa?"

Ndiye liwu lochokera kumbuyo, lotsika lija: "Akatsika, buledi aziphika nthawi yanji?"

Mitu yonse kutembenuka. Loya anaimirira mwaulemu wake wonse, manja kumbuyo: "Agula mawotchi awo, mayi."

Mayi Akuti anam'yang'ana. Analemba kanthu m'kope. Anatuluka belu lisanalire, chitseko anatseka pang'onopang'ono.

Chipinda cha lendi chija chapita. Ndikumva chisoni, koma chodabwitsa n'chakuti phunziro lokoma chotere sindinaphunzitsepo.

Lachinayi, 20 Juni

Palibe chachitika. Moni wamasiku onse pakhonde, "mwadzuka bwanji," "ndadzuka." A Masamu andibweretsera katoni yopanda kanthu, akuti mabuku anga angadzavutike ponyamula. Nthabwala zawo zimafuna munthu wokhuta.

Funso lija likundizungulirabe m'mutu. Buledi aziphika nthawi yanji? Yankho la Loya ndi lakuthwa, koma amene angagule wotchi ndi amene ali nazo. Enawo? Komanso munthu uja ananyongedwa pa ola la chala. Mlakatuli sanasankhe mbali, watisiyira ife. Ndayamba kumukwiyira, munthu woti anafa kalekale.

Lachisanu, 21 Juni

Ndaitanidwanso, koma osati ku ofesi. M'mwamba.

Makwerero opapatiza, Mayi Akuti patsogolo, akugwira khoma, kupuma pakati. Chipinda chofunda, fungo la mankhwala opaka. Wailesi ikulira motsitsa. Jekete labulawuni lija lili pa hang'ala kuseri kwa chitseko, lositasita, kudikira Lolemba. Abambo pa mpando wawo, bulangete pamiyendo. Pafupi ndi aang'ono kwambiri. Ndinagwada kupereka moni. Anandiyang'ana, maso abwino, oleza, koma osandifika. Anagwira chala changa n'kuchisunga ngati khanda. Mwana wawo anawapukuta pakamwa ndi kansalu, mosayang'ana n'komwe, dzanja lozolowera.

Akuti chidwalire Abambo sanatulutsepo liwu ndi limodzi lomwe. Mawu a Lolemba amalemba Mayi Akuti okha Lamlungu masana. "Iwowa akayankhula ana ankalira. Ine ndimangodziwa za masokosi ndi kapinga." Anaseka pang'ono, ine ndinasowa poyang'ana. Makolo ayamba kufunsa mafunso. Ena achotsa kale ana. Sukulu ikatsekedwa, aphunzitsi, ophika, alonda, namwino wa Abambo, onse panja.

Ndinadikira kuti anene zoti ndilongedze. M'malo mwake: "Ntchito ndi yanu. Ndaona kuti mumadziwa mmene munthu amabisalira m'mawu." Koma pa ntchitoyo pali kachigawo kena kosalembedwa. Mawu a Lolemba. Ndizilemba ine, iwo aziwerenga. Anandiuza mmene Abambo ankayankhulira: kuyamba ndi "Ana anga," ziganizo zifupizifupi, osakalipa, kumaliza ndi funso.

Ndinati ndikaganize. Anagwedeza mutu ngati ndavomera kale. Pa chitseko anabwerera ku liwu lawo la pa asembule: "Abambo akuti akulandirani." Tonse awiri tinatembenuka kuyang'ana Abambowo. Anali atagona.

Lamlungu, 23 Juni

Asisi ndawauza theka lokha. Nthungululu mpaka aneba kusuzumira. Alamu akuti sofa yawo ichita phwando. Mwini chipinda ndam'tumizira uthenga, wayankha kuti kiyi ndikatenge mawa.

Masana ano ndinakhala pa tebulo ndi pepala. Ndinadziuza kuti ndingoyesa, zikakanika ndikawauze kuti sindingathe, ndipo sikukhala kunama.

Sizinakanike. N'zimene zikundiopsa. "Ana anga," basi zinangotsika zokha, ngati munthuyo ndinakula naye. Ziganizo zifupizifupi. Funso kumapeto. Powerenga mokweza ndinalengeza misozi, ine mwini wolemba.

Ndiye pakati pake, sindikudziwa kuti zinalowa bwanji: Abambo akuti laibulale izikhala yotsegula nthawi ya nkhomaliro. Imakhala yokhoma, ana amangoyang'ana mabuku pawindo, ndipo zakhala zikundiwawa chifikire. Ndikanapempha ine, mphunzitsi watsopano, akanati tiona. Koma mawa m'mawa likhala lamulo, ana aomba m'manja, dzanja likwera pa zenera.

Mzerewo ndauyang'ana nthawi yaitali. Ndi chinthu chabwino. Palibe angatsutse kuti ndi chabwino. Ndunanso ija mwina inayamba ndi chabwino.

Loya amaima mzere wakutsogolo pa asembule. Teremu yonse wakhala akukopera ziganizo zanga pa bolodi, amadziwa mmene ndimapumira. Sizim'tengera Malolemba ambiri kuti azindikire wolemba.

Sindinafufute. Ndipo pansi pa tsamba patsala malo. Zimbudzi za atsikana zilibe zitseko, ndipo ndikuona ngati nazonso Abambo akhoza kunenapo kanthu.